Masamba a hawthorn ndi mawu oti "antioxidant" pabotolo: apongozi asiye mapilitsi a BP?

NaBanda wa ku Chilenje
Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndabwera ndi funso kwa odziwa za mankhwala. Apongozi anga aakazi ali ndi BP, amamwa amlodipine. Sabata yatha mayi wina wakutchalitchi kwathu wawagulitsa botolo la makapisozi lolembedwa Hawthorn Leaf Extract pa K480. Akuti muli ma antioxidant ochuluka, amatsuka magazi, amalimbitsa mtima, ndipo munthu akamwa miyezi itatu angathe kusiya mapilitsi a kuchipatala. Apongozi akondwa kwambiri poti mapilitsi aja amawatupitsa mapazi. Ine mtima suli m'malo. Bambo a kunyumba akuti ndisalowerere, amayi ndi awo. Chithunzi cha botolo ndi icho. Mtengo umenewu ndi wotani?

Mabvuto Matero
K480 amayi? Mtengo wake umabala ndalama kapena?

Ambuya NaMbewe
Mwanawe, pachithunzipo ndikuona minga ndi tizipatso tofiira. Si masau amenewa? Ngati ndi masau, nyengo yake amadzaza m'mabeseni kumsika wa Soweto, ochokera ku Luangwa, ndipo sitinamvepo kuti amagulidwa choncho.

Dalitso ku Leeds
Ambuya, si masau ayi, ngakhale minga ikufananako. Kuno hawthorn ali paliponse, alimi amachingira minda ndi misewu. Mwezi wa May amachita maluwa oyera mbee, fungo lake lamphamvu, ena sakondwa nalo. Chakumapeto kwa chaka ndiye amafiira ndi tizipatso, mbalame n'kumadya m'nyengo yozizira. Ndinalawako, tilibe kukoma, ndi taufaufa, nthanga yake yaikulu. Masau amaposa kutali. Anthu ambiri kuno amangodutsa osauyang'ana n'komwe, koma m'mashopu a zaumoyo mabotolo ake alimo.

Aphunzitsi Tembo
Mphwanga Dalitso walondola. Dzina la sayansi ndi Crataegus, banja lake ndi la maapozi, mapichesi ndi maluwa a rozi. Masau ndi Ziziphus, banja lina. Ku Ulaya mitundu yodziwika ndi Crataegus monogyna ndi Crataegus laevigata. Ku China kuli Crataegus pinnatifida, wa zipatso zokulirapo zimene amazitunga pakamtengo n'kuzimata shuga. Ku Mexico kuli wina amene amamutcha tejocote. Yonseyi ndi mitengo ya kumalo ozizira a kumpoto kwa dziko.

Tsopano za antioxidant, poti ndi pamene malonda onse aima. Ndinaphunzitsa chemistry mpaka kupuma ntchito, ndiye mundilole nditalikitse pang'ono. Mukadula kotapela n'kumusiya pambale, amada. Mpweya wa okosijeni ndi umene wamugwira. Mukamufinyira ndimu amachedwa kuda, chifukwa vitamini C wa m'ndimumo ndiye amayamba kugwidwa m'malo mwake. Ntchito ya antioxidant ndi imeneyo. M'thupi mwathu, pamene chakudya chikusanduka mphamvu, mumatuluka tizinthu tosakhazikika totchedwa ma free radical, timene timalanda ma electron ku mafuta, ku mapuloteni ngakhale ku DNA. Utsi wa fodya ndi wa mbaula umawonjezera. Thupi lili ndi zodzitetezera zakezake, monga glutathione, catalase ndi superoxide dismutase, ndipo zimenezi ndi zimene zimagwira ntchito yaikulu usana ndi usiku.

Masamba a hawthorn alidi ndi zinthu zimene zimagwira ma free radical. Muli ma flavonoid monga vitexin, hyperoside ndi rutin, muli ma procyanidin, muli epicatechin ndi chlorogenic acid. Pamenepa wogulitsayo sananame. Masamba ndi maluwa nthawi zambiri amakhala ndi ma flavonoid ochuluka kuposa zipatso zakupsa, n'chifukwa chake mankhwala a ku Ulaya amapangidwa kuchokera ku masamba ndi maluwa pamodzi.

A Zulu a ku Kamwala
Mwamva? Aphunzitsi avomereza okha. Ine ndimagulitsa zitsamba, sindibisa. Mayi uja sindimudziwa, koma hawthorn ndimamudziwa, makasitomala amabwerera kudzathokoza. Vuto lathu anthu akuda, chinthu chikachokera mumtengo timachinyoza, chikabwera m'kapepala ka siliva timachigwadira.

Aphunzitsi Tembo
A Zulu, dikirani, sindinamalize. Funso ndi lakuti mphamvu imeneyi amaiyeza bwanji. Njira yotchuka amaitcha DPPH, inayamba mu 1958. Amatenga masamba, kuumitsa, kupera, kuviika mu methanol kapena ethanol, n'kusefa. Madzi osefedwawo amawadonthezera mu mankhwala a mtundu wa pepo. Ngati muli antioxidant, pepo uja amazilala n'kusanduka chikasu, makina n'kuwerenga kuti wazilala motani. Palinso njira zina, FRAP ndi ABTS, ndi ina ya Folin-Ciocalteu yowerengera kuchuluka kwa ma phenol. Zonsezi zimachitikira m'kabotolo kagalasi patebulo. Mulibe chifu, mulibe chiwindi, mulibe impso.

Komanso nambala imene imatuluka imasinthasintha. Masamba omwewo mukaviika m'madzi chabe mupeza ina, mu ethanol ina. Othyola nthawi ya maluwa ndi othyola mochedwa amasiyana. Ouma pamthunzi ndi ouma padzuwa amasiyana. Mtundu wa mtengo, nthaka, zonse zimalowapo. Ndiye munthu akati "kafukufuku wapeza kuti masamba a hawthorn ali ndi mphamvu ya antioxidant", ine ndimati inde, koma masamba a gwafa, a mango, a tiyi, ngakhale khungu la anyezi, mukawaika pa mayeso omwewa pepo amazilalanso. Pafupifupi tsamba lililonse lobiriwira limakhoza mayeso amenewa. Zomera zimapanga zinthu zimenezi kuti zidziteteze ku dzuwa ndi ku tizilombo.

Mabvuto Matero
Ndiye kuti gwafa wa kuseri kwa nyumba ya alandilodi ndi K480 yongoima? Mawa ndikwera.

Chikondi (pharmacy)
Moni makolo anga. Ndiwonjezepo pa zimene aphunzitsi anena, kumbali ya thupi. Ma flavonoid ambiri salowa bwino m'magazi. Gawo lalikulu limapitirira mpaka m'matumbo aakulu kumene mabakiteriya amaliphwanya, ndipo kochepa kamene kalowa, matumbo ndi chiwindi zimakasintha msanga n'kukatulutsa. Chimene chimayenda m'magazi si chimodzimodzi ndi chimene chinazilalitsa pepo mu labu. N'chifukwa chake mu 2012 unduna wa zaulimi wa ku America, USDA, unachotsa pa intaneti mndandanda wake wa ORAC, umene unkaika zakudya pamzere potengera mphamvu ya antioxidant. Anati amalonda akuugwiritsa ntchito molakwika, ndipo manambalawo sasonyeza zimene zimachitika mwa munthu.

Palinso nkhani imene tonse ophunzira za mankhwala amatiuza. Ku Finland anatenga amuna osuta fodya opitirira 29,000, ena n'kuwapatsa mapilitsi a beta-carotene, amene ndi antioxidant, poganiza kuti awateteza ku khansa ya m'mapapo. Zotsatira zitatuluka mu 1994, khansa inali yochuluka ndi 18 peresenti mwa amene ankamwa mapilitsiwo. Kafukufuku wina wa ku America wotchedwa CARET anachita kumuimitsa mu 1996 atapeza zofananazo. Vitamini E naye, m'kafukufuku wa SELECT, anapezeka kuti anawonjezera khansa ya prostate ndi 17 peresenti. Ndiye mawu oti antioxidant pawokha si chitsimikizo choti chinthu chikuthandizani.

A Zulu a ku Kamwala
Mwana wanga, iwe ukukamba za beta-carotene, ife tikukamba za hawthorn. Usasakanize. Ndipo ndikufunse: kwinini anachokera kuti? Si khungwa la mtengo wa cinchona? Coartem amene mumatipatsa tikadwala malungo, si chitsamba cha ku China, mpaka mayi Tu Youyou analandira Nobel mu 2015? Bwanji zanu zikhale mankhwala, zathu zikhale bodza? Ku Germany madokotala enieni amalembera odwala hawthorn. Tsutsa.

Chikondi (pharmacy)
Atate, sinditsutsa, zimene mwanenazo n'zoona. Ndipo hawthorn si wachabechabe ayi, ndi chimodzi mwa zitsamba zimene zafufuzidwa kwambiri pa anthu enieni. Ndifotokoze zimene anapeza, zabwino ndi zokhumudwitsa zomwe.

Ku Germany kuli kampani ya Dr. Willmar Schwabe, mumzinda wa Karlsruhe, imene imapanga mankhwala a masamba ndi maluwa a hawthorn otchedwa WS 1442. Amawayeza kuti ma procyanidin akhale pafupifupi 18.75 peresenti nthawi zonse. Kafukufuku wambiri anachitika ndi amenewa. Mu 2008 bungwe la Cochrane, limene limaunika kafukufuku wa zaumoyo, linasonkhanitsa kafukufuku 14 wa anthu a mtima wofooka, uja umalephera kupopa magazi mokwanira. Linapeza kuti amene ankamwa hawthorn ankapeza bwinoko: kupuma movutikira ndi kutopa zinkachepa, ankatha kugwira ntchito yolimbitsa thupi kotalikirapo. Koma ambiri mwa odwalawo ankamwa hawthorn moonjezera pa mankhwala awo a kuchipatala, osati m'malo mwake.

Chaka chomwecho munatuluka zotsatira za kafukufuku wamkulu kuposa onse, wotchedwa SPICE. Odwala 2,681, theka kumwa 900 mg ya WS 1442 patsiku, theka kumwa mapilitsi opanda kanthu, kwa zaka 2, onse ali pa mankhwala awo a nthawi zonse. Funso linali lakuti kodi imfa ndi kugonekedwa m'chipatala chifukwa cha mtima zichepa? Kusiyana kwake sikunafike poti n'kunena kuti mankhwala agwira. Panali kagulu kena ka odwala amene mtima wawo sunafooketse, mwa iwo imfa zadzidzidzi zinaoneka zochepa, koma zopezeka pakagulu kotere zimafuna kafukufuku wina wozitsimikiza. Ku Michigan anayesanso pa odwala 120 kwa miyezi 6, sanapeze phindu pa mtunda umene munthu amayenda m'mphindi 6, ndipo ataunikanso anaona kuti ena a pa hawthorn matenda awo anakula msanga kumayambiriro.

Za BP, imene ndi nkhani ya apongozi a mayi NaBanda: ku Reading, ku England, anayesa pa anthu 79 odwala shuga, 1,200 mg patsiku kwa masabata 16, zotsatira zinatuluka mu 2006. Nambala yapansi ya BP inatsika ndi pafupifupi 3 chabe. Ambiri mwa iwo ankamwanso mapilitsi awo a BP. Kutsika ndi 3 si kanthu koseka, koma sikungalowe m'malo mwa amlodipine.

Sister Tisa
Chikondi wanena zonse zamabuku, ine ndinene za muwodi. BP simveka kupweteka. Munthu amasiya mapilitsi, sabata yoyamba ali bwino, mwezi ali bwino, amayamba kuchitira umboni kutchalitchi kuti wachira. Tsiku lina amadzuka pakamwa papotoka, mkono sukugwira. Akafika kwa ife, achibale ndi amene amatulutsa botolo m'chikwama mwamanyazi. Sitiroko ikagwira munthu, osamalira ndi inu nomwe a NaBanda, kusambitsa, kutembenuza, kudyetsa. Ndiye zoti musalowerere ine sindikuzimva.

Za kutupa mapazi, n'zoona amlodipine amachita zimenezo kwa ena, makamaka akamamwa 10 mg. Si chifukwa chosiyira. Apite kukiliniki akanene, dokotala angathe kuchepetsa mlingo, kusintha mankhwala kapena kuphatikiza ndi ena. Komanso akawayeze, poti mapazi amatupanso chifukwa cha mtima kapena impso. Botololo apite nalo, asabise.

NaBanda wa ku Chilenje
Zikomo asisita. Nanga akamamwa zonse ziwiri pamodzi, pali vuto? Poti ndalama zapita kale, ndipo kuwalanda botolo ine mkamwana, nkhani yake ikafika mpaka ku Katete.

Chikondi (pharmacy)
Amayi, kwa anthu ambiri hawthorn weniweni savuta kwambiri. Zodandaula zimene zimamveka ndi chizungulire, nseru, mutu ndi kusokonezeka m'mimba. Koma poti amafutukula mitsempha pang'ono, akaphatikizana ndi mapilitsi a BP munthu wachikulire angachite chizungulire podzuka n'kugwa. Amene amamwa mapilitsi a mtima otchedwa digoxin, kapena mankhwala oika pansi pa lilime a kupweteka kwa pachifuwa, kapena ochepetsa kuundana kwa magazi, asayambe popanda dokotala. Oyembekezera ndi oyamwitsa asamwe. Choncho yankho liyenera kuchokera kwa amene akuona kadi lawo ndi mankhwala onse amene akumwa.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi botolo lenilenilo. Pachithunzi chanu sindikuona dzina la Crataegus mtundu wake, sindikuona kuti ma flavonoid kapena ma procyanidin ndi angati, sindikuona nambala ya batch. Zotsatira za ku Germany zija ndi za mankhwala oyezedwa, sizisamukira pa botolo lililonse lolembedwa hawthorn. Tembenuzani kumbuyo muone ngati pali nambala ya ZAMRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala muno m'Zambia. Lamulo la Medicines and Allied Substances Act la 2013 limakhudzanso mankhwala azitsamba ogulitsidwa m'mabotolo.

Ndikuuzeni chifukwa chake ndikulimbikira. Mu 2023 ndi 2024 ku America anayeza mankhwala ochepetsa thupi olembedwa kuti ndi muzu wa tejocote, hawthorn wa ku Mexico uja aphunzitsi anatchula. Anapeza kuti m'kati munali yellow oleander, mtengo wa poizoni umene umasokoneza kugunda kwa mtima. Bungwe la FDA, loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, linachenjeza anthu. Mtengo umenewu mumaudziwa, uja wa masamba aatali opyapyala ndi maluwa achikasu, wotuluka mkaka ukauthyola, umene anthu amabzala kumpanda.

Ambuya NaMbewe
Iii, umenewo ulipo pageti pa aneba, ana amaseweretsa nthanga zake. Ndiwauza lero lomwe.

A Zulu a ku Kamwala
Pa za mabotolo achinyengo tigwirizana, amenewo amationongera malonda ife tomwe. Ine munthu wa BP sindimuuza kuti ataye mapilitsi, amene amatero ndi wakuba. Koma musandiuze kuti makasitomala anga onse amene amati akugona bwino, mtima wasiya kuthamanga, akunama.

Aphunzitsi Tembo
Sakunama, a Zulu. Bungwe loona za mankhwala ku Ulaya, EMA, mu 2016 linalola masamba ndi maluwa a hawthorn pa zinthu ngati zomwezo: mtima wogunda chifukwa cha nkhawa, dokotala atatsimikiza kaye kuti palibe matenda aakulu, komanso kuthandiza munthu wopanikizika maganizo kupeza tulo. Koma analemba kuti chilolezocho chachokera pa kugwiritsidwa ntchito kwa zaka zambiri, osati pa umboni wa kafukufuku. Za mtima wofooka, zimene akatswiri a Commission E ku Germany anavomereza mu 1994, EMA sinaziikemo.

Ndipo taonani chinthu china. Ofufuza amene amakhulupirira kuti hawthorn amathandiza mtima, safotokoza ndi antioxidant yokha. Amakamba za kufutukuka kwa mitsempha kudzera mu nitric oxide, ndi kuwonjezeka pang'ono kwa mphamvu ya kapopedwe ka mtima. Mawu oti antioxidant amalembedwa ndi zilembo zazikulu pabotolo chifukwa ndi amene amagulitsa, mayeso ake ndi otchipa, mwana wa chaka chachinayi pa yunivesite ya UNZA angathe kuwachita masana amodzi.

Mwatchula kwinini ndi Coartem. Onjezanipo digoxin, wochokera ku duwa la foxglove, limene dokotala William Withering analemba za ilo mu 1785. Iye anatha zaka akufufuza mlingo, chifukwa pang'ono limathandiza, kupitirira pang'ono limapha. Chimene chinasandutsa zitsamba zimenezi kukhala mankhwala ndi kuyeza ndi kuwerenga amene achira ndi amene sanachire, kuphatikizapo amene sanabwerere kushopu kudzathokoza.

Mabvuto Matero
Amene sanabwerere ali kumanda ku Chingwere, sangathokoze.

Sister Tisa
Mabvuto, pakamwa pako! Koma a NaBanda, ngati pali K480 ina, mugule makina oyezera BP a pamkono. Muziwayeza m'mawa asanamwe tiyi, atakhala pansi mphindi zisanu, mulembe m'kabuku. Dokotala akaona kabuku kameneko ntchito imaphweka, ndipo apongozi akaona manambala ndi maso awo mkangano ndi inu umatha. Muonenso mchere. WHO imati munthu asapitirire magalamu 5 patsiku, ndiyo supuni yaing'ono imodzi, kuwerengera wa mu ndiwo, mu kapenta wouma, mu tizidutswa tokometsera supu ndi mu soseji. Ife timathira pophika, n'kuikanso kambale ka mchere pambali pa nsima.

Ambuya NaMbewe
Ana inu mwaphunzira, koma ndikufunseni. Zimene mukuti zili m'masamba a kwa azunguwo, m'ndiwo zathu mulibe? Ife takula ndi bondwe, chibwabwa, kalembula, lumanda. Malambe tinkangotola.

Chikondi (pharmacy)
Zilimo ambuya. Malambe ali ndi vitamini C wambiri, masau naonso ali naye. Ndiwo zamasamba zili ndi ma flavonoid ake, komanso potaziyamu amene amathandiza kutsitsa BP. Kudya ndiwo zamasamba ndi zipatso tsiku ndi tsiku kuli ndi umboni wolimba pa mtima kuposa kapisozi aliyense wa antioxidant, ndipo ofufuza amaganiza kuti ndi chakudya chonsecho pamodzi chimene chimathandiza, osati kanthu kamodzi kochotsedwamo. Lumanda ndi wa mtundu wa Hibiscus, ndipo tiyi wofiira wa Hibiscus sabdariffa anayesedwapo pa anthu a BP yokwera pang'ono, n'kupezeka kuti amaitsitsako. Nayenso salowa m'malo mwa mapilitsi. Chimodzi chokha ambuya: soda amene timathira kuti ndiwo zifewe amaononga vitamini C, ndipo ali ndi sodium, yemwe uja wa mumchere.

Ambuya NaMbewe
Delele wopanda soda? Mwanawe, pamenepo wandilaula.

Mlimi wa ku Chongwe
Ndakhala ndikungowerenga. Funso langa ndi lamalonda. Ngati masamba ake akugulidwa choncho, sitingabzale kuno? Malo ndili nawo, madzi alipo.

Dalitso ku Leeds
Achimwene, mtengowu umakonda chisanu chenicheni. Umayoyola masamba n'kugona nyengo yozizira, ndipo umafuna kuzizira kwa nthawi yaitali kuti uchite maluwa bwino. Nthanga zake n'zouma mutu, zimafuna kukhala m'chinyezi chozizira miyezi ingapo, zina zimamera patapita chaka ndi theka. Kuzizira kwa June ndi July kwa ku Chongwe n'kochepa poyerekeza ndi kwa kuno.

Aphunzitsi Tembo
Muchenjerenso ndi ogulitsa mbande. Pali chitsamba china cha banja lomwelo, Pyracantha, cha minga ndi tizipatso tofiira kapena ta olenji, chimene anthu amachisokoneza ndi hawthorn. Ku South Africa chinathawa m'mipanda n'kudzaza m'madambo a msipu, mpaka boma linachiika pa mndandanda wa zomera zowononga. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta: tsamba la hawthorn wa ku Ulaya ndi logawikagawika m'mbali, la Pyracantha ndi lathunthu, lowala, ndipo siliyoyoka chaka chonse. Komanso kubweretsa mbewu kuchokera kunja kumafuna chilolezo cha a Plant Quarantine ku Mount Makulu, si zongoika m'sutikesi ya Dalitso.

Mlimi wa ku Chongwe
Ndiye ndipitirize ndi tomato. Koma za lumanda wofiira uja mwandipatsa maganizo, amamera yekha kumunda kwanga. Chikondi, amaumitsa masamba kapena chiyani?

Chikondi (pharmacy)
Si masamba atate, ndi zikhokho zofiira zonenepa zija zimatsala duwa likagwa, zokuta nthanga. Mumazisenda, kuchotsa kambulu ka nthanga, n'kuyanika pamthunzi pa thandala loyera mpaka ziume gwaa, kuti zisachite nkhungu. Koma yambani mwajambula chomeracho mutitumizire, poti lumanda ali mitundu ingapo ndipo si yonse imene imapanga tiyi ameneyu.